Khumi mwa zimene sefa yataya lero

Mu 1958, Hans Peter Luhn, katswiri wa ku kampani ya IBM ku America, analemba za makina amene panthawiyo anali asanapangidwe. Chimene chinkamuzunguza mutu ndi mulu wa mapepala. Kampani yaikulu imalandira malipoti, makalata ndi zolemba za akatswiri tsiku ndi tsiku, zochuluka moti palibe angaziwerenge zonse, ndipo pepala limene injiniya wina akulisowa kwambiri limatha kugona pa desiki ya mnzake mpaka nthawi yake itapita. Ganizo la Luhn linali lakuti wantchito aliyense akhale ndi mndandanda wa mawu osonyeza zimene amagwira. Chikalata chatsopano chikafika, makina ayerekeze mawu ake ndi mindandanda yonse ija, n'kudziwitsa okhawo amene chikuwakhudza. Kenako wolandirayo abweze yankho, kuti wachifuna kapena ayi, ndipo mndandanda wake uzikonzedwa potengera mayankho akewo.

Mfundo yomalizayi ndi imene yabereka zambiri zimene tikukhala nazo lero. Foda ya spam (mauthenga achabechabe) mu imelo yanu, mauthenga a ntchito zotsatsidwa amene amakupezani m'mawa, nkhani zimene Facebook imaika pamwamba mukangotsegula foni, zonsezi ndi zidzukulu za ganizo la Luhn. Makinawa achenjera kwambiri, zimenezo sindikukana. Koma ndili nawo mlandu umodzi, ndipo sungamveke ndisanafotokoze mmene amaphunzirira.

Kusefa ndi kufufuza ndi ntchito ziwiri zoyandikana koma zosiyana. Pofufuza pa Google, zolemba zimakhala zilipo kale ndipo inu mumabwera ndi funso, lero ili, mawa lina. Posefa, funso lanu limakhala lomwelo kwa miyezi, ndipo zolemba ndi zimene zimayenda, kubwera n'kudutsa, makina n'kumagamula chimodzichimodzi: ichi chipite kwa mwini wake, ichi ayi. Nicholas Belkin ndi Bruce Croft anafotokoza ubale wa ziwirizi mu 1992, nthawi imene imelo ndi magulu okambirana a pa Usenet, bwalo lakale la pa intaneti, anali atayamba kale kusefukira.

Munthu angafunse kuti, bwanji osangolemba mawu amene ukufuna n'kuwapatsa makina basi? Yesani muone. Tinene kuti mumagula ndi kugulitsa mbewu, ndipo mukufuna nkhani za mitengo ya chimanga. Mwalemba mawu akuti "chimanga". Chimene mulandire ndi ulaliki wonena za kufesa, malangizo a kaphikidwe ka phala la ana, ndi zolankhula za andale pa msonkhano. Pomwepo nkhani yakuti ADMARC yatsegula misika, kapena yakuti boma laletsa kutumiza mbewu kunja, yakudutsani chifukwa mlembi wake sanatchule chimanga ngakhale kamodzi. Muwonjezera mawu ena, kuchotsa ena, ndipo pakutha kwa mwezi mndandanda wanu wafika poti ngakhale inu eni simukuumvetsa. Anthufe sititha kufotokoza bwino zimene tikufuna. Chimene timatha ndi kuzindikira chinthucho chikafika pamaso pathu. Ndiye nzeru yonse ya makina ophunzira yagona pamenepa: musamufunse munthu kuti afotokoze, muonetseni zitsanzo, aloze.

Njira yakale yochitira zimenezi, imene ophunzira amaiphunzirabe mpaka pano, ndi ya J. J. Rocchio, amene ankagwira ntchito ndi Gerard Salton pa makina otchedwa SMART m'zaka za m'ma 1960. Chikalata chilichonse amachisandutsa mndandanda wa mawu, liwu lililonse ndi kulemera kwake. Zokonda za munthu nazonso amazilemba chimodzimodzi. Munthu akati "ichi ndachikonda", mawu a m'chikalatacho amawonjezeredwa kulemera pa mndandanda wake. Akati "ichi ayi", mawu ake amapepukitsidwa. Chikalata chatsopano chikamafanana kwambiri ndi mndandandawo, chimadutsa. Wogulitsa mbewu uja akangoloza nkhani zingapo zimene zamuthandiza, mawu ngati "kilogalamu", "mavenda", "msika" ndi "ADMARC" amakwera okha, iye osawaganizira n'komwe.

Koma kulemera kwa liwu kumachokera kuti? Apa tiyenera kutchula Karen Spärck Jones wa ku yunivesite ya Cambridge, amene mu 1972 anaonetsa kuti liwu lopezeka m'zolemba zochepa ndi limene limanena zambiri. "Ndi", "kuti", "wa" ali paliponse, choncho sathandiza kusiyanitsa kanthu. Koma mukaona "ntchemberezandonda" m'nkhani, mwadziwiratu kuti muli za kumunda. Ganizoli likuoneka laling'ono, komatu makina ofufuzira ambiri anamangidwa pamwamba pake.

Pa Chichewa njira yowerenga mawuyi imatsimphina. Anagula, adzagula, sanagule, akugulitsa, ogulitsa, zagulitsidwa: kwa ife nkhani yake ndi imodzi, koma makina owerenga mawu athunthu amaona mawu asanu ndi limodzi osagwirizana. Ndiye chimene angaphunzire pa zitsanzo zochepa m'Chingerezi, m'Chichewa chimafuna zitsanzo zambiri, popeza umboni wake wamwazikana. Ambiri amathana nazo podula mawu m'tizidutswa ta zilembo zingapo, kuti "gul" ndi "gulits" ziziwerengedwa paliponse pamene zaonekera. Mu 2021 panachitika mpikisano pa Zindi, tsamba la pa intaneti la mipikisano ya makina ophunzira, wogawa nkhani za m'Chichewa m'magulu monga ndale, ulimi ndi umoyo, ndipo ntchito zotere n'zimene zimayala maziko. Komabe kugawa nkhani m'magulu n'kosavuta poyerekeza ndi kudziwa chimene munthu mmodzi akufuna.

Chitsanzo cha sefa yophunzira imene inagwiradi ntchito bwino, mwa zonse zimene ndikuzidziwa, ndi ya spam. Mu Ogasiti 2002, Paul Graham, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta, anafotokoza mmene anaipangira yake. Anatenga milu iwiri ya maimelo ake, wina wa abwino, wina wa achabechabe, uliwonse wa mauthenga pafupifupi 4,000. Anawerenga kuti liwu lililonse laonekera kangati mu mulu uliwonse, n'kupeza mwayi wakuti uthenga wokhala ndi liwulo ndi wachabechabe. Uthenga watsopano ukafika, ankasankhamo mawu 15 oloza kwambiri mbali imodzi, kaya yabwino kaya yoipa, n'kuwaphatikiza pogwiritsa ntchito masamu a Thomas Bayes, m'busa wa ku England amene zolemba zake pa nkhaniyi zinasindikizidwa mu 1763 mwini wake atamwalira kale. Mwayi wakuti ndi wachabechabe ukapitirira 0.9, kutanthauza 9 mwa 10, uthengawo unkapita kudzala.

Ziwiri zimandisangalatsa m'nkhani ya Graham. Choyamba, makinawo anatulukira zizindikiro zimene iye sakanaziganiza. Chimodzi chinali "ff0000", kalembedwe ka mtundu wofiira kwambiri m'chinenero chopangira masamba a pa intaneti. Otumiza spam ankakonda zilembo zofiira, anzake a Graham sankatero, ndipo makina anangoziona poziwerenga. Chachiwiri, Graham ankaopa kwambiri kutaya uthenga wabwino kuposa kulola wachabechabe kudutsa. Choncho powerenga mawu a mu mulu wabwino ankachulukitsa kawiri, dala, kuti sikelo ipendekere kumbali yokhululuka. Anadziwa kuti zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana. Uthenga wotsatsa mankhwala abodza ukadutsa, mumangoufafaniza. Koma kalata yokuitanani ku intavyu ikatayidwa, mwina simudzadziwa mpaka kalekale kuti inabwera.

Sefa ya spam imayenda bwino chifukwa zinthu zitatu zinaikomera. Milu yake iwiri ndi yosiyana moonekeratu. Kuikonza n'kosavuta, mumangodina kamodzi. Ndipo zotayidwa sizisowa nthawi yomweyo: mu Gmail zimakhala m'foda masiku 30, aliyense akhoza kukasuzumira n'kupulumutsa chake. Sefa ya zokonda ilibe mwayi wonsewu, makamaka wachitatuwo.

Mayi akamasefa ufa, misere yotsala mu sefa amaiona ndi maso. Amaigwira m'manja, akaona kuti mudakali ufa amaibwezera mu mtondo. Sefa ya nkhani za pa foni yanu imakupatsani ufa wokhawokha, misere n'kuitaya kumene simufikako. Ikakuonetsani nkhani yosafunika, mumaiona, mumaikana, ndipo imaphunzira. Ikakubisirani nkhani yofunika, palibe amene amadziwa, inuyo ngakhale makinawo. Ndiye mwa zolakwa zake ziwiri, imaphunzira pa chimodzi chokha. Mlandu wanga uja ndi umenewu.

Akatswiri anauona kalekale. Bungwe la NIST ku America lakhala likuchititsa mayeso a makina ofufuzira otchedwa TREC kuyambira 1992, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mpaka 2002 munali gawo la sefa zophunzira zili pantchito. Malamulo ake anali ofanana ndi moyo weniweni. Makina ankapatsidwa mutu wa nkhani ndi zitsanzo ziwiri kapena zitatu, kenako nkhani zikwizikwi zinkabwera motsatana. Akasankha nkhani, ankauzidwa ngati alondola. Akaisiya, sankauzidwa kanthu. Kusankha molondola kunali ndi mphoto, kusankha molakwa kunali ndi chilango, ndipo pa mitu ina yovuta zinkachitika kuti sefa yosasankha chilichonse inkaposa sefa zimene zinayesetsa. Taganizani: njira yotetezeka kwa makina otere ndi kukhala chete, ndipo akakhala chete saphunziranso, n'kumangokhalirabe chete.

Mankhwala ake amadziwika. Sefa iyenera nthawi zina kukuonetsani chinthu chimene siikutsimikiza, mwadala, kuti ione mmene mungachilandirire. Ndi mtengo wa kuphunzira, ndipo amene amaulipira ndi inu, pa kuwerenga zinthu zingapo zosakuthandizani. Funso ndi lakuti alipire zochuluka bwanji, ndipo agamule ndani.

Pali chinanso chimene chinapotoza nkhaniyi, ndipo gwero lake ndi ulesi wathu. Mu 1995, Ken Lang wa ku yunivesite ya Carnegie Mellon anafotokoza za pulogalamu yake yotchedwa NewsWeeder, imene inkapempha owerenga Usenet kuti nkhani iliyonse aipatse mlingo kuyambira 1 mpaka 5, n'kumaphunzira pa milingoyo. Maganizo abwino ndithu, koma ndani angapitirize kupatsa mlingo nkhani iliyonse tsiku ndi tsiku? Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, ofufuza awiri a ku Japan, Morita ndi Shinoda, anali ataonetsa kuti nthawi imene munthu watha akuwerenga nkhani imagwirizana ndi mmene waikondera. Ngati ndi choncho, kumufunsa n'kwachiyani? Ingomuyang'anani. Kuyambira pamenepo makina ambiri anasiya kufunsa n'kuyamba kuzonda: mwadina chiyani, mwakhalapo nthawi yaitali bwanji, mwadumpha chiyani. YouTube mu 2012 inalengeza kuti iziyang'ana kwambiri nthawi imene anthu atha akuonera, m'malo mongowerenga kudina.

Vuto lake, zochita za munthu sizinena zoona nthawi zonse. Thorsten Joachims ndi anzake ku yunivesite ya Cornell mu 2005 anasinthanitsa mwachinsinsi zotsatira ziwiri zoyambirira za makina ofufuzira, ndipo anapeza kuti anthu amakokedwabe ndi chimene chili pamwamba, ngakhale chabwinocho chili chachiwiri. Ndiye makina akaika chinthu pamwamba, ife n'kuchidina chifukwa chili pamwamba, iwo amati talondola, n'kuchikhazikitsa pomwepo.

Kwathu kuno zochita zathu zimanama m'njira zinanso zimene opanga makinawa mwina saziganizira. Kanema wa malangizo a ulimi mwamudumpha chifukwa bandulo yatsala pang'ono, makina alemba kuti ulimi simuukonda. Foni ndi imodzi pakhomo: masana mwana wafufuzirapo za homuweki, madzulo bambo aonerapo zigoli za Bullets ndi Wanderers, usiku mayi amverapo kwaya. Makina amasonkhanitsa zonsezi n'kupanga munthu mmodzi amene kulibe, kenako n'kumamutumikira mokhulupirika.

Ngakhale Gmail, pamene inayambitsa Priority Inbox mu 2010, njira yoika mauthenga ofunika pamwamba, inafunika kusankha tanthauzo la "uthenga wofunika" limene makina angaliyeze. Akatswiri ake anafotokoza kuti amayeza mwayi wakuti munthu achitapo kanthu pa uthengawo m'nthawi yochepa, monga kuutsegula kapena kuuyankha. Anamanga bwino: pali sefa imodzi yophunzira kwa anthu onse, ndipo pamwamba pake pali kasefa kakang'ono ka munthu aliyense payekha, kongokonza pamene iye akusiyana ndi gulu. Zimenezi zimathandiza munthu watsopano amene makina sanamudziwe. Koma taganizani za mauthenga amene mumachedwa kuwatsegula. Wa eni nyumba. Wa kubanki wonena za ngongole. Wa achimwene wokumbutsa za chopereka cha chiliza. Mumauyang'ana, mtima n'kugunda, n'kunena kuti ndiutsegula mawa. Kodi ndi wosafunika umenewo? Woseketsa wa mnzanu ndi umene mumautsegula pompopompo.

Ndiye pali nkhani ya nthawi. Wachibale wanga atapezeka ndi matenda a shuga, ndinakhala milungu ndikuwerenga za zakudya, za mankhwala, za kasamalidwe ka mapazi. Zinthu zitakhazikika ndinasiya. Pulogalamu ina ya nkhani pa foni yanga sinasiye. Miyezi inadutsa ikundiunjikirabe za shuga, zina za mankhwala okayikitsa ochiza m'sabata imodzi, m'mawa uliwonse kundikumbutsa nthawi imene ndinkafuna kuiiwala. Opanga sefa amadziwa zimenezi, ndipo njira yawo ndi yopepukitsa zitsanzo zakale kuti zatsopano zizilemera. Koma kuiwala nakonso kuli ndi msampha. Mlimi amafuna za mitengo ya feteleza mvula ikamayandikira, kenako amakhala miyezi osaziyang'ana, chaka chamawa n'kuzifunanso. Kholo limafuna za zotsatira za MSCE pa nyengo yake basi. Sefa yoiwala msanga idzayambanso kuphunzira chaka chilichonse ngati mlendo, ndipo ikamadzazindikira, nyengo yapita. Kusiyanitsa chidwi chimene chatha ndi chimene changogona n'kovuta kwa makina ongoyang'ana. Kwa mwini wake ndi funso la sekondi imodzi, akanafunsidwa.

Za kuphunzira kuchokera kwa anthu ena ofanana nanu ndingodutsapo. Zinayamba ndi mapulogalamu awiri, Tapestry ya ofufuza a kampani ya Xerox mu 1992 ndi GroupLens mu 1994, ndipo zinatchuka pamene Netflix mu 2006 inaika mphoto ya madola 1 miliyoni kwa amene angalosere bwino mafilimu amene munthu angakonde, imene inapambanidwa mu 2009. Njirayi imatha kukubweretserani chinthu chimene mawu ake safanana ndi zimene munawerengapo, ndipo umenewo ndi ubwino weniweni. Koma imakokera ku zimene gulu lakonda, ndipo munthu wa zokonda zachilendo, kapena wowerenga chinenero cha anthu ochepa pa intaneti, amakhala ndi anzake ochepa omuphunzirira.

Kumene ndinaona yankho londigwira mtima ndi kukhoti. Pa milandu ikuluikulu ku America, mbali imodzi imalamulidwa kupereka kwa inzake zikalata zonse zokhudza mlanduwo, ndipo nthawi zina zimakhala m'kati mwa maimelo mamiliyoni. Mu 2012, pa mlandu wa Da Silva Moore ndi kampani ya Publicis ku New York, woweruza Andrew Peck anavomereza kuti makina ophunzira athandize kusankha, pa zikalata pafupifupi 3 miliyoni. Maloya akuluakulu ankawerenga zitsanzo n'kugamula kuti ichi chikukhudza mlandu, ichi ayi. Makina ankaphunzira, n'kubweretsa zina, maloya n'kuwakonza, ndipo dongosolo linali lakuti achite zimenezi maulendo 7. Koma mbali imene ine ndimaiona yamtengo wapatali ndi yomaliza. Zonse zikatha, ankayenera kutola mwachisawawa zikalata 2,399 kuchokera mu mulu umene makina ataya, n'kuziwerenga ndi maso, kuti aone kuti ndi zofunika zingati zimene zatayidwa.

Anabwerera ku misere. Sanatero chifukwa cha ukoma mtima, koma chifukwa kutsidya kunali maloya a mbali ina okonzeka kufuula ngati chikalata chofunika chabisika. Ofufuza za sayansi nawonso ali ndi nkhawa yomweyo. Pulogalamu ya ASReview ya ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands imathandiza munthu amene ali ndi mapepala zikwi zingapo oti asankhemo okhudza kafukufuku wake: imamuonetsa pepala limodzi, iye n'kugamula, iyo n'kusanjanso otsalawo. Ndipo funso limene ogwiritsa ntchito amalimbana nalo kwambiri ndi la poimira, chifukwa amadziwa kuti m'zosawerengedwazo mukhoza kutsala pepala lofunika. M'malo onse awiriwa munthu amaphunzitsa makina akudziwa kuti akuphunzitsa, amadziwa chimene akuwaphunzitsa, ndipo zotayidwa zimawerengedwa ngati ngongole.

Wowerenga wamba alibe loya kutsidya. Ndiponso sefa ya pa foni yake si yake kwenikweni. Ya Graham inali pa kompyuta yake, yophunzira pa makalata ake, yotumikira iye yekha. Ya pa malo ochezera imaphunzira za inu, inde, koma chimene inauzidwa kuti ichulukitse chinasankhidwa ndi eni ake, amene amapeza ndalama mukakhalitsa pamenepo. Sindikunena kuti ndi achiwembu. Ndikungoti sefa ikabisa nkhani imene ikanakuthandizani koma inu n'kukhalabe mukuseweretsa chala pa foni, m'mabuku awo simulembedwa kuti pali chimene chalakwika.

Zimene ndikanapempha kwa opanga makinawa si zozizwitsa, ndipo luso lake lilipo kale. Ndikanakonda kuona mndandanda wa zimene makina akuganiza kuti ndimakonda, wolembedwa m'mawu omveka, woti ndikhoza kufufutapo "shuga" n'kulembapo kuti "feteleza, kuyambira Okutobala". Ndikanakonda malo onena kuti amene wagwira foni pano ndi mwana, musamuwerengere pa ine. Ndipo koposa zonse ndikanakonda batani limodzi lakuti: ndionetseni khumi mwa zimene mwataya lero, zotola mwachisawawa, osati zosankha inu. Khumi zokha, zowerenga mitu yake pa mphindi imodzi. Masiku ambiri ndingapeze kuti sefa inalondola, n'kuikhulupirira kwambiri. Tsiku limene ndingapezemo nkhani yofunika, ndingadine, ndipo makina angalandire chitsanzo cha mtundu umene panopa saulandira n'komwe. Mapulogalamu ena ali ndi kabatani kofotokoza chifukwa chimene akukuonetserani nkhani inayake, ndipo ena amalola kuona nkhani motsatira nthawi imene zalembedwa, popanda kusefa. Zimenezo n'zothandiza, koma kabatani kaja kamayankha za nkhani imene mwaiona kale, ndipo mndandanda wosasefa umakubwezerani mulu wonse uja umene Luhn ankafuna kutipeputsira.